MPIRA WA ANYAMATA ASANU NDI MMODZI

Caka ndi caka, mwezi wa August ukafika, m'midzi ya m'zidikha za pakati pa dziko la United States of America mumabuka nkhani imodzi imene imakambidwa m'masitolo, m'nyumba zometera tsitsi ndi pa khomo la calici pomwe. Nkhaniyo ndiyo ya mpira wa anyamata a m'masukulu a sekondale. Nyengo imeneyo dzuwa limaomba kwambiri kumeneko, tirigu amakhala atakololedwa kale, cimanga cikali m'munda, ndipo ana a sukulu amakhala ali pafupi kubwerera ku maphunziro atapumula miyezi iwiri kapena itatu. Anthu a m'mizinda yaikulu amatsutsana za timu imene idzagonjetsa matimu ena onse, ndiponso za bwalo latsopano limene laposa mabwalo anzace. Koma anthu a m'midzi yaing'ono ali ndi funso lao limene liyenera kuyankhidwa mafunso ena onse asanafunsidwe. Iwo amafunsana kuti, "Kodi caka cino anyamata akwanira?"

Funso limeneli si lacibwana iai. Pa mudzi wa anthu 300, sukulu ndiyo imasonkhanitsa anthu onse, a mipingo yosiyana ndi a nchito zosiyana. Anyamata akapanda kukwanira, bwalo limamera udzu, makolo ena amayamba kutumiza ana ao ku masukulu a kwina kumene kuli mpira, ndipo ciwerengero ca ana cimanka cicepa. Sukulu ikatsekedwa, masitolo amatsatira, ndipo mudzi umasanduka bwinja pang'ono pang'ono. Mbiri ya m'mene midzi yaing'onoyi yalimbanira ndi bvuto limeneli kwa zaka zoposa 90 iri ndi zambiri zoti munthu wofuna nzeru aziganizire.

Mpira wace ndi wotani?

Poyamba wowerenga ayenera kudziwa kuti mpira wa ku America uli wosiyana ndi mpira wamiyendo umene umaseweredwa ku Africa ndi ku Ulaya. Mpira weniweniwo ndi wautali ngati dzira, wosongoka ku nsonga zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri umanyamulidwa m'manja kapena kuponyedwa. Bwalo ndi la mayadi 100 m'litali ndi mayadi 53 m'lifupi, ndipo mbali iri yonse imakhala ndi osewera 11. Timu imene iri ndi mpira imapatsidwa mwai kanai kuti iyende mayadi 10 kulinga ku malire a adani ace. Ikatha kutero imapatsidwanso mwai wina kanai. Ikalephera, mpira umapita kwa anzao. Wosewera akafika ndi mpira ku malire a bwalo, timu yace imalandira mapointi 6, ndipo cigoli cotere cimachedwa touchdown. Akamenya mpira ndi phazi nudutsa pakati pa mitengo iwiri pamwamba pa mtanda, amalandira mapointi 3.

Njira yoletsera wonyamula mpira ndiyo kumgwira ndi kumgwetsa pansi. Cifukwa ca ici wosewera ali yense amabvala cisoti colimba ca kumutu ndi zochinjiriza mapewa, nchafu ndi maondo. Zobvala zimenezi ndi zokwera mtengo, ndipo ngakhale atabvala, anyamata amabvulala kawirikawiri. Tsono timu ya osewera 11 siingathe kukhala ndi anyamata 11 okha. Kuti aphunzire bwino kusewera pafunika anyamata 22, ena olimbana ndi anzao pa nthawi yoyeserera, ndiponso pafunika ena olowa m'malo mwa obvulala. Masukulu aakulu amakhala ndi anyamata 50 kapena oposa, ena odziwa kuukira kokha, ena odziwa kuchinga kokha. Apa ndipo pagona bvuto la sukulu yaing'ono.

Ciyambi ca masewerawa

Masewera oyamba a pakati pa makoleji anacitika pa 6 November 1869, pamene Rutgers inasewera ndi Princeton. Tsiku limenelo mbali iri yonse inali ndi anthu 25, ndipo kaseweredwe kace kanali kofanana kwambiri ndi mpira wamiyendo. M'zaka zotsatira ophunzira anatengera malamulo a rugby wa ku England nawasintha. Munthu amene anatsogolera kusinthako anali Walter Camp wa ku Yale. M'caka ca 1880 iye anakopa anzace kuti osewera akhale 11 mbali iri yonse, ndi kuti matimu awiri aziyang'anizana pa mzera mpira usanayambe kuyenda.

Anyamata a sekondale sanacedwe kutsanzira akulu ao. Masukulu a ku Norwich ndi ku New London, m'cigawo ca Connecticut, anayamba kupikisana m'caka ca 1875, ndipo masukulu awiri a mu mzinda wa Boston, Latin ndi English, anayamba m'caka ca 1887. Masiku amenewo masewerawa anali ankhanza zedi. M'caka ca 1905 anthu osacepera 18 anafa cifukwa ca mpirawu, ndipo ena mwa iwo anali ana a sekondale. Mtsogoleri wa dziko, Theodore Roosevelt, anaitana akuluakulu a makoleji ochuka nawauza kuti akonze zinthu. M'caka ca 1906 malamulo anasinthidwa, ndipo kuponyera mnzako mpira kutsogolo kunaloledwa, kuti osewera azimwazikana m'bwalo m'malo mounjikana pamodzi. Pofika caka ca 1920 mabungwe oyang'anira masewera a sekondale m'zigawo zingapo anapanga cigwirizano, ndipo caka comweco cigawo ca Texas cinayamba mpikisano wopezera katswiri wa cigawo conse.

Mpira unakhala ulemu wa mudzi. Mudzi umene unali ndi timu unali kuwerengedwa mudzi ndithu, ndipo umene unalibe unali kunyozeka pakati pa anansi ace.

Zaka za umphawi ndi fumbi

Midzi ya m'zidikha za Nebraska, Kansas ndi zigawo zoyandikana nazo inamangidwa ndi alimi. Lamulo la caka ca 1862 linalola banja kulandira maekala 160 a nthaka ngati likhalapo ndi kulima kwa zaka zisanu. Nthakayo inali ya mitundu ya anthu amene anali eni dziko kuyambira kale, amene anacotsedwa ndi nkhondo ndi mapangano onyenga. Njanji zitadutsa, timidzi tinaphuka m'mbali mwa njanjizo, tosiyana mamailo owerengeka, ndipo kamudzi kali konse kanafuna sukulu yaceyace. Sekondale ya pa mudzi wotere inali kukhala ndi ana 40 kapena 50 okha, ndipo theka la iwo anali atsikana.

M'caka ca 1929 malonda a dziko lonse anagwa. Mabanki anatsekedwa, mitengo ya tirigu ndi cimanga inatsika, ndipo alimi analephera kukhoma msonkho umene unali kuyendetsa masukulu. Pamwamba pa izi panadza cilala ca zaka zingapo. Mphepo inakokolola nthaka yolimidwa niuluka nayo, kotero kuti masiku ena kunali kuda usana cifukwa ca fumbi. Mabanja ambiri anasamuka. Masukulu amene anali kukwanitsa osewera 11 mobvutikira analephereratu, ndipo ndalama zogulira zobvala za anyamata 20 panalibe.

Nthawi imeneyo pa mudzi wa Chester, m'cigawo ca Nebraska pafupi ndi malire a Kansas, panali mphunzitsi wacinyamata dzina lace Stephen Epler. Iye anaona kuti anyamata a pa sukulu yace anali kufunitsitsa mpira, koma anali ocepa. Anthu ena akanangonena kuti mpira ndi wa masukulu aakulu, nasiya pomwepo. Epler anaganiza mwa njira yina. Anadzifunsa kuti ngati ciwerengero ca 11 cinaikidwa ndi anthu m'caka ca 1880, cingaletse nciani kuti anthu ena aike ciwerengero cina? M'caka ca 1934 analemba malamulo a mpira wa osewera asanu ndi mmodzi mbali iri yonse.

Kucotsa anthu asanu m'timu kunali kosabvuta. Nchito yeniyeni inali kukonza malamulo ena onse kuti masewerawo akhale acilungamo ndi okondweretsa. Monga anakhazikikira m'zaka zotsatira, malamulowo ali motere. Bwalo linacepetsedwa kukhala mayadi 80 m'litali ndi mayadi 40 m'lifupi, kuti anyamata ocepa athe kulichinga. Popeza m'bwalo muli mipata yambiri yothamangiramo, timu iyenera kuyenda mayadi 15 m'malo mwa 10. Wosewera ali yense ali wololedwa kuwakha mpira woponyedwa, pamene m'mpira wa 11 anyamata asanu a pa mzera saloledwa. Wolandira mpira poyamba sangathamange nao kudutsa mzera asanaupereke kwa mnzace. Lamulo limeneli linaikidwa kuti mnyamata mmodzi wamphamvu asamangosewera yekha. Kumenya mpira pakati pa mitengo kumapatsa mapointi 4, cifukwa ochinjiriza womenyayo ali ocepa ndipo nchitoyo iri yobvuta. Palinso lamulo la cifundo: timu ikatsogola ndi mapointi 45 pa nthawi yopumula kapena pambuyo pace, masewera amathera pomwepo, kuti ogonjawo asabvulazidwe kapena kucititsidwa manyazi kopanda pace.

Masewera oyamba anacitika m'mwezi wa September 1934 pa mudzi wa Hebron, usiku, pa bwalo la nyali za magetsi. Anyamata a ku Chester anaphatikana ndi a ku Hardy, ndipo a ku Belvidere anaphatikana ndi a ku Alexandria. Anthu pafupifupi 1,000 anabwera kudzaonerera, pamodzi ndi aphunzitsi a masukulu ena amene anafuna kuona ngati cinthu catsopanoci cingatheke. Matimu awiriwo anafanana mphamvu, 19 kwa 19. Oonererawo anabwerera kwao atakhutira kuti anaona mpira weniweni.

Kufalikira kwace

Mbiri inamveka msanga, ndipo makalata opempha malamulo anafika kwa Epler kucokera ku zigawo zambiri. Zisanathe zaka zisanu masukulu mazanamazana anali atayamba mpira watsopanowu. Bungwe la masewera a masukulu ku Texas linaulandira m'caka ca 1938, ndipo kumeneko ndiko unazika mizu koposa kwina konse, makamaka ca kumadzulo kumene midzi ya oweta ng'ombe ndi nkhosa iri yotalikirana. Texas inayamba kusankha katswiri wa cigawo conse wa mpira wa 6 m'caka ca 1972.

Epler sanakhalitse ku Chester. Anapitiriza maphunziro, natumikira m'gulu la nkhondo la pamadzi pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. M'caka ca 1946 anayambitsa sukulu ya asilikali obwera ku nkhondo pa malo ochedwa Vanport, m'cigawo ca Oregon. Cigumula ca caka ca 1948 cinakokolola mudzi wonse wa Vanport, koma sukuluyo inasamutsidwa nipitirira, ndipo lero ndiyo Portland State University. Epler anamwalira m'caka ca 1997. Nchito zace ziwirizi zinacokera ku mtima umodzi, wofuna kutsegulira khomo anthu amene dongosolo lakale linawasiya kunja.

Anthu a m'mizinda anali kuseka mpira wa 6 nanena kuti sungatulutse katswiri. Jack Pardee anawatsutsa. Iye anasewera mpira wotere pa kamudzi ka Christoval ku Texas, napita ku koleji ya Texas A&M, ndipo pambuyo pace anasewera zaka zambiri m'matimu a akatswiri olipidwa a ku Los Angeles ndi ku Washington. Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wamkulu wa matimu a ku Chicago, Washington ndi Houston.

Nkhani ya mabwalo

Zaka zomwezo za umphawi zinabweretsanso mabwalo. Boma la Franklin Roosevelt, pofuna kupatsa nchito anthu osowa, linalemba anthu ambirimbiri kumanga miseu, milatho, masukulu ndi mabwalo a masewera. Mzinda wa Massillon ku Ohio, kumene Paul Brown anali kuphunzitsa mpira, unatsegula bwalo lace lalikulu m'caka ca 1939. Nyali za magetsi zitafika m'mabwalo, masewera anasamukira ku usiku wa Lacisanu, nthawi imene alimi ndi anchito a m'mafakitale anali ataweruka. Loweruka linasiyidwira makoleji, ndipo Sabata linakhala la akatswiri olipidwa. Mwambowu unalimba kotero kuti m'caka ca 1966 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inauchinjiriza: kuyambira Lacisanu laciwiri la September kufikira Loweruka laciwiri la December, mpira wa akatswiri suonetsedwa pa wailesi ya kanema usiku wa Lacisanu m'dera la mamailo 75 kucokera pamene sukulu irikusewera.

Koma usiku wa Lacisanu sunali wa ana onse. M'zigawo za kumwera ana a anthu akuda anali ndi masukulu aoao mwa lamulo la tsankho. Ku Texas masukulu amenewa anali ndi bungwe laolao, locokera ku koleji ya Prairie View, kuyambira m'caka ca 1920. M'mizinda yambiri iwo analibe mabwalo, ndipo anali kubwereka mabwalo a masukulu a Azungu usiku wa Lacitatu kapena Lacinai. Nthawi zambiri zobvala zao zinali zakale, zosiyidwa ndi masukulu a Azungu. Ngakhale zinali tero, m'masukulu amenewa munaturuka akatswiri ambiri ochuka. Bwalo lalikulu la milandu linathetsa tsankho la m'masukulu m'caka ca 1954, koma kusintha kunayenda pang'onopang'ono, ndipo bungwe la Prairie View linatha m'caka ca 1970.

Pambuyo pace mizinda yolemera inayamba kupikisana pomanga mabwalo monga inali kupikisanira pa mpira. Mzinda wa Odessa, wolemera ndi mafuta a pansi, unatsegula bwalo la mipando yoposa 19,000 m'caka ca 1982. Mlembi wina, H. G. Bissinger, anakhala mu mzindawo m'caka ca 1988, ndipo buku lace lochedwa Friday Night Lights, loturuka m'caka ca 1990, linaonetsa m'mene mzinda wonse unali kusenzetsa anyamata a zaka 17 katundu wa ulemu wace, ndi m'mene maphunziro anali kutsalira m'mbuyo. M'caka ca 2012 mzinda wa Allen, pafupi ndi Dallas, unatsegula bwalo la mipando 18,000 la mtengo wa madola pafupifupi 60 miliyoni. Akale anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Zisanathe zaka ziwiri simenti ya bwalolo inayamba kung'aluka, ndipo linatsekedwa m'caka ca 2014 kufikira litakonzedwa m'caka ca 2015. Anyamata a ku Allen anasewera caka conseco pa mabwalo a eni, koma anatengabe ukatswiri wa cigawo. Pamenepo panaoneka kuti wopambana mpira ndi mnyamata wophunzitsidwa bwino, ndipo mipando ya simenti siionjezera pointi ndi imodzi yomwe.

Bwalo la sukulu yaing'ono liri losiyana ndi amenewa. Kawirikawiri liri m'mphepete mwa munda, ndi mipando ya matabwa kapena ya citsulo yokwanira anthu mazana awiri kapena atatu. Alimi amaimika magalimoto ao kuzungulira bwalo naliza mahutala timu yao ikagoletsa. Makolo ndiwo amachecha udzu, kulemba mizera ndi kugulitsa zakudya kuti apeze ndalama zogulira zisoti. Mphunzitsi wa mpira amaphunzitsanso masamu kapena mbiri yakale m'kalasi, ndipo nthawi zina ndiye amayendetsa basi yopita ku masewera, ulendo wa maora awiri kapena atatu.

Kuphatikiza masukulu

Mdani wamkulu wa sukulu yaing'ono anali makina a ulimi. Thalakitala itafika, munthu mmodzi anatha kulima munda umene kale unafuna mabanja angapo. M'caka ca 1935 dziko la United States linali ndi mafamu pafupifupi 6.8 miliyoni; lero ali pafupifupi 2 miliyoni. Acinyamata anapita ku mizinda kukafuna nchito, ndipo ana obadwa m'midzi anacepa.

Nao akatswiri a maphunziro anali kunena kuti sukulu yaing'ono siingathe kulemba aphunzitsi okwanira a sayansi, masamu ndi zinenero. M'caka ca 1959 James Conant, amene kale anali mkulu wa Harvard, anaturutsa buku lonena kuti sekondale yabwino iyenera kukhala ndi ana osacepera 100 m'kalasi lotsiriza. Miseu yabwino ndi mabasi zinapangitsa kuti ana azitha kuphunzira kutali ndi kwao. Cotero madera oyendetsa masukulu, amene anali oposa 117,000 m'caka ca 1940, anatsika kufika pafupifupi 18,000 m'caka ca 1970. Midzi imene inali kudana pa mpira kwa zaka 40 inauzidwa kuti ana ace aphunzire m'nyumba imodzi, ndipo mikangano yoopsa inabuka pa nkhani ya dzina la timu, mtundu wa malaya ace, ndi mudzi umene bwalo lidzakhalako.

Mau a Conant anali ndi zoona zace, pakuti ana ambiri anapeza maphunziro amene sakanawapeza kwao. Koma walira mvula walira matope. Ana ena anayamba kukhala m'basi maora awiri tsiku liri lonse, ndipo midzi yotaya sukulu inafota msanga. Ngakhale sekondale ya ku Chester, kumene mpira wa 6 unabadwira, siiriponso. Inayamba yaphatikana ndi ya ku Hubbell ndi ya ku Byron, ndipo potsiriza inaphatikana ndi ya ku Hebron.

Masukulu ophatikanawo anakula pang'ono, ndipo ambiri anasankha njira ya pakati. Ku Kansas, Oklahoma ndi Nebraska mpira wa osewera 8 unafala, ndipo ku Minnesota, North Dakota ndi South Dakota unafala wa osewera 9. Mpira wa 6 unacepa kunja kwa Texas. Koma popeza anthu a m'midzi sanaleke kucepa, masukulu ophatikana aja anayambanso kusowa anyamata, ndipo nzeru ya Epler inafunikanso. M'caka ca 2018 bungwe la masewera a masukulu ku Nebraska linaubwezera mpira wa 6 m'mipikisano yace. Ku Texas, sukulu ya ana ocepera 105 iri yololedwa kusewera mpira umenewu, ndipo m'zaka zapitazi masewera otsiriza akhala akucitikira pa bwalo lalikulu la Dallas Cowboys ku Arlington. Kumeneko anyamata a pa mudzi wa anthu 200 amathamanga pa bwalo lomwelo limene amathamangapo akatswiri olandira mamiliyoni.

Zokambidwa nyengo ikamayamba

Tsopano kuli kosabvuta kumvetsa cifukwa cace mwezi wa August uli wa zokambakamba. Mwana amakhala pa sekondale zaka zinai zokha, ndipo caka ciri conse anyamata aakulu ndi odziwa amatsiriza nacoka. Timu imene inali yoopsa caka catha ingathe kukhala ya tiana caka cino. M'caka ca 1960 mtolankhani wa ku Waco, Dave Campbell, anayambitsa magazini yoturuka kamodzi pa caka yofotokoza za matimu a ku Texas nyengo isanayambe, ndipo anthu amaiyembekeza kuti aone cimene yanena za mudzi wao. Lero zokambazi zafika pa wailesi ndi pa intaneti, koma mafunso sanasinthe.

Pa sukulu yaikulu, mnyamata mmodzi akabvulala, wina amalowa. Pa sukulu ya anyamata 9 kapena 10, ali yense amasewera kuyambira poyamba mpaka potsiriza, poukira ndi pochinga pomwe. Awiri kapena atatu akabvulala, kapena akalephera mayeso naletsedwa kusewera, timu imagonja isanalowe m'bwalo, ndipo nthawi zina nyengo yonse imathera pomwepo. Ndico cifukwa cace banja la ana aamuna awiri likasamukira pa mudzi, mbiri yace imafika kwa mphunzitsi wa mpira katundu asanatsitsidwe m'galimoto. Masukulu ena oyandikana amagwirizana kupanga timu imodzi, imene imachedwa ndi maina a midzi yonse iwiri kapena itatu, monga anacitira a ku Chester ndi a ku Hardy m'caka ca 1934. Pena ndi pena mtsikana amalowa m'timu, ndipo ciwerengero cimakwanira.

Palinso nkhawa ya moyo wa ana. Kuyeserera kumayamba dzuwa liri pa ukali wace, ndipo anyamata ena afa ndi kutentha. Cifukwa ca ici zigawo zambiri zinalamula kuti masiku oyamba anyamata asabvale zobvala zonse zolemera, ndi kuti nthawi yoyeserera icepe kufikira thupi litazolowera. Madokotala apezanso kuti kugundidwa kumutu kawirikawiri kungathe kuononga ubongo. M'caka ca 2009 cigawo ca Washington cinakhazikitsa lamulo lakuti mwana woganiziridwa kuti wabvulala m'mutu acotsedwe m'bwalo, ndipo asabwerere wa cipatala asanamlole. Pofika caka ca 2014 zigawo zonse 50 zinali ndi malamulo otere. Makolo ena, pomva zimenezi, amaletsa ana ao kusewera, ndipo sukulu yaing'ono ndiyo imayamba kumva kucepako.

Mkangano wowawa koposa ndi wa kutsika kucokera ku 11 kupita ku 8 kapena ku 6. Akuluakulu amene anasewera mpira wa 11 pa unyamata wao amaona ngati kutsikako ndi kubvomera kuti mudzi ulikufa. Aphunzitsi amayankha kuti kuli bwino kusewera ndi anyamata amene alipo kusiyana ndi kuika kamnyamata ka zaka 14 patsogolo pa cimphona ca zaka 18 pofuna kungokwanitsa ciwerengero. Kawirikawiri midzi imene inabvomera kutsika inapeza kuti anthu anabwereranso ku bwalo, pakuti timu yao inayamba kulimbana ndi anzace ofanana nayo. Sukulu ya ana osamva ya ku Riverside, m'cigawo ca California, inali kugonja zaka zambiri. M'mpira wa 8, anyamata ace, amene amalankhulana ndi manja, anafika pa masewera otsiriza m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2022 anatenga ukatswiri wa dera lao osagonja ndi kamodzi komwe.

Mbiri imeneyi irikuonetsa kuti malamulo a masewera anapangidwa ndi anthu pofuna kuthandiza anthu, ndipo angathe kukonzedwa zosowa zikasintha. Mpira wa 6 sunaletse anthu kusamuka m'midzi, ndiponso sunapulumutse sukulu ya ku Chester. Koma kwa zaka zoposa 90 wapatsa anyamata zikwizikwi mwai umene sakanaupeza, ndipo wapatsa midzi yao malo osonkhanirapo usiku wa Lacisanu. Wophunzira amene watsiriza sukulu napita kukagwira nchito ku malo kumene zipangizo ziri zocepa ndi anthu ali osakwanira angacite bwino kukumbukira mphunzitsi wa ku Chester uja, amene anawerenga anyamata amene anali nao, nayamba nchito ndi iwo omwewo.